Denga Lobwereka la Sukulu ya ku Bisani

Ndiyambe ndi kuchenjeza: dziko limene ndikunenali si lino. Amene akufuna kukandineneza kwa akuluakulu akanene zoona, kuti gogo uja amakamba za Mangalamba, ufumu wakutali kumene ngakhale basi sifika. Ine kusukulu sindinapondeko, posaina ndimadinda chala, koma makutu anga sanakalambe. Tsono muwerenge motsitsa mawu, ndipo mukamaliza musakulungire zitumbuwa pepalali, chifukwa simudziwa amene adzagule.

Chaka chimenecho thumba la ufumu wa Mangalamba linaphwa ngati bere la nkhalamba, ndipo pamenepa ndikudziwa chimene ndikunena. Mfumu Sekerani Wachitatu anali munthu wosadziwa kukwiya. Zokonda zawo zinali ziwiri: kumva ana a sukulu akuwaimbira, ndi kudula riboni. Munthu wotere muzimuopa kuposa waukali, chifukwa waukali umamuonera patali.

Nduna zonse zinasonkhana ku likulu, ku Tadyakale, kukakambirana za kusamala ndalama. Zinakambirana masiku asanu ndi anayi, tsiku lililonse ng'ombe ikugwa, poti nkhani ya njala sikambidwa m'mimba muli pululu. Tsiku lachikhumi nduna ya thumba, a Chimana, anaimirira, n'kumasula lamba wawo bowo limodzi kuti apume bwino.

"Zikomo, Mwini Dziko," anayamba motero. "Chaka chino tonse timange malamba. Matauni aang'ono asadandaule, sitinawaiwale. Nyale za m'misika ziziyaka ndithu, koma masana okha, poti usiku anthu abwino amakhala atagona. Milatho timanga yonse monga tinalonjezera, koma mpaka pakati pa mtsinje. Kotsalako anthu azidumpha, thupi lilimbe."

"Nanga ana anga a sukulu?" Mfumu inafunsa. "Oimba aja?"

"Sukulu tili nazo mazana anayi, Mwini Dziko, koma malata alipo a sukulu imodzi. Tituma woyendera sukulu, a Kasuzumira, akatipezere yosaukitsitsa m'dziko lonse. Imeneyo ilandira malata makumi asanu ndi limodzi. Zotsalazo zilandira kalata yolimbikitsa mtima. Kalatayo azidzatenga okha kuno, poti masitampa akwera mtengo."

Mfumu inaseka mpaka misozi, n'kunena kuti chilungamo chotere sichinaonekepo chiyambire. Nduna zinaomba m'manja, n'kupempha tsiku lina limodzi loti zipumule.

Uthenga utafika pa msika wa Bisani, katauni ka m'munsi mwa phiri, a Nabiyeni ogulitsa tomato sanadzutse n'komwe mutu pa milu yawo.

"Tsono masana tiziona kawiri," anatero. "Dzuwa uku, nyale uku. Boma lotikonda."

"Ine ndayamba kale kuphunzitsa bulu wanga kudumpha," anayankha a Zuze okhoma zidebe, amene analinso wapampando wa komiti ya sukulu. "Koma malatawo, amayi, ndi athu. Ndani angatipose umphawi?"

Ndipo ankanena zoona. Sukulu ya ku Bisani inali zipupa zokhazokha. Kamvulumvulu anatenga denga zaka ziwiri m'mbuyomo, malata ena n'kukapezeka atasanduka makola a nkhumba m'midzi ya kutali, osafunanso kubwerera. Madesiki kunalibe, chitseko kunalibe, belu linali khasu lothyoka lomangirira ku mtengo. Mtambo ukangoda, sukulu yaweruka. Mphunzitsi wamkulu, Mayi Elube Nachanza, anali atauzidwa kale ndi makolo maso ndi maso: mvula ya chaka chino ikapeza denga kulibe, atsikana a kalasi yomaliza akakhala kumunda. Ndipo njira ya kumunda, mukuidziwa inu, imakathera ku ukwati. Choncho kwa mayiwa malata aja sanali nkhani yoseka.

Koma anthu a ku Bisani ali ndi mwambo, ndipo ine sindikuunyoza, ndi mwambo wa anthu oleredwa: mlendo asaone umphawi wako. Ngakhale mwagona ndi njala, mlendo akafika mumabwereka nkhuku, mumabwereka mbale, mwinanso mwana wonenepa wa aneba kuti azisewera pabwalo.

Pa msonkhano wa komiti Mayi Nachanza anaimirira n'kuti, "Makolo anga, pempho langa ndi limodzi. A Kasuzumira akubwera Lachinayi. Chonde, tisasese."

Makolo anayang'anana ngati munthu watukwana pamaliro.

"Mwati tisatani, aphunzitsi?" anafunsa a Zuze.

"Tisasese, tisazire, tisabwereke kanthu. Atipeze mmene tililimu. Akufuna osauka, ndipo osaukawo ndife. Mwana wosalira amafera kumsana."

A Nabiyeni anagwira pakamwa. "Mlendo wa boma aponde zitosi pa sukulu yathu? Akakanena ku Tadyakale kuti ku Bisani kuli anthu auve, ana athu adzakwatiwa ndi yani?"

"Kusesa kokha, aphunzitsi," a Zuze ananyengerera. "Kusesa si kulemera."

Apa ndinene zoona, ine ndikadakhalako ndikadasesa nawo. Munthu wamkulu akachita manyazi pakhomo pako, mkwiyo wake umadzafika iwe utaiwala. Komabe chenjerani ndi tsache, ana inu, tsache silibwera lokha. Atasesa, anaona kuti bwalo loyera likuonetsa kuda kwa miyala, ndiye anaipaka laimu. Miyala itayera, anafunsana kuti mlendo akhala pati. Mpando utapezeka, anaona kuti sizingakhale bwino mlendo ali pampando, ana ali pa fumbi ngati anapiye. Pofika Lachiwiri, Mayi Nachanza omwe aja, atamva kuti bwanayo amwera tiyi m'kapu yothyoka chogwirira, manyazi anawagwira. Anakwera ngolo, ulendo wa kutsidya kwa mtsinje, ku sukulu ya Ingotengani.

Kumeneko mphunzitsi wamkulu anali msuweni wawo, a Lufeyo Chadza, mwana wa amalume awo. Paja asuweni saopana. Awiriwa kuyambira ali ana ankatchulana mwamuna ndi mkazi, ngakhale aliyense anali ndi banja lake.

"Akazi anga afika ndi ngolo!" a Lufeyo anafuula ali pakhonde. "Mwabwera kudzanditenga tsopano?"

"Ngolo yake ingathyoke ndi mimba imeneyo. Ndabwera kudzabwereka madesiki, amuna anga opanda ntchito inu."

"Angati?"

"Onse."

Anapakira madesiki makumi anayi. Anapakira bolodi, belu, makapu, chitseko ndi felemu yake yomwe. Ana anavula mayunifolomu n'kupereka, ndipo ana khumi oimba bwino anakwera pamwamba pa katunduyo.

"Chatsala chimodzi," anatero Mayi Nachanza. "Zipupa zathu zija tikufuna tizibise ndi mpanda, koma udzu wonse anatentha osaka mbewa."

A Lufeyo anayang'ana denga la udzu la sukulu yawo, n'kukanda mutu. "Limadontha kale. Sasulani. Koma Lachisanu mundibwezere, apo ayi ukwati watha."

Lachinayi a Kasuzumira anafika pa galimoto yakuda. Galimoto yotere musamailoze ndi chala, mumangowerama n'kumachita ngati mukufuna chinthu pansi. Anapeza miyala yoyera mbee kuyambira pa msika, ana a yunifolomu atakhala pa madesiki pansi pa mitengo ya mango, belu likulira ngati la tchalitchi, ndi mpanda watsopano wautali wokhala ndi chitseko cha matabwa.

"N'chifukwa chiyani ana akuphunzirira panja?" anafunsa.

"Mpweya wabwino, bwana," anayankha a Zuze.

"Nzeru zamakono! Nanga kuseli kwa mpandaku kuli chiyani?"

Mayi Nachanza mtima unali utayamba kuwabwerera. Anasendera pafupi n'kuti, "Bwana, kumeneko n'kumene kuli vuto lathu lenileni. Tiyeni mukaone." Koma a Nabiyeni anaponya nthungululu, amayi onse n'kulandira, ng'oma n'kuyamba, mawu a mphunzitsi n'kumira.

"Ndi bafa, bwana," a Zuze ananong'oneza. "La aphunzitsi aakazi."

A Kasuzumira nawonso anali munthu woleredwa. Anatembenuza nkhope msangamsanga. "Bafa lalikulu chonchi! Ngakhale ku Tadyakale kulibe."

Anadya nkhuku ziwiri ndi mpunga, anamwera tiyi m'kapu ya maluwa, anapatsidwa mbuzi yoti akatafune kunyumba. Kenako analemba m'buku lawo kuti iyi ndi sukulu yachitsanzo, yosasowa kanthu.

Pobwerera, galimoto inatentha injini pafupi ndi Ingotengani, dalaivala n'kuima kuti apemphe madzi. A Kasuzumira anatsika kudzawongola miyendo. Zimene anaona kumeneko! Sukulu yopanda denga, yopanda chitseko, ana ali pansi, ena mimba pamtunda. Mphunzitsi wamkulu akuitana ana ndi likhweru, masamu akulemba padothi ndi kamtengo. A Kasuzumira atapempha ana kuti aimbe, nyimbo yake inathawitsa nkhuku, poti oimba onse anali kutsidya. Madzi akumwa anabwera m'chikho chong'aluka.

"Bwana, musadabwe," a Lufeyo anayesa kufotokoza. "Katundu wathu yense ali..."

"Musadzivute, bambo," anatero a Kasuzumira akupukuta misozi ndi tayi. "Ndaona ndi maso angawa."

Patapita milungu itatu lole inatsitsa malata ku Ingotengani, atsopano, othobwa m'maso. Misomali panalibe. Kalaliki amene anabwera nawo anafotokoza kuti misomali ili mu bajeti ya chaka chamawa, ndipo aliyense wogula misomali yakeyake adzakhala wanyoza boma. A Lufeyo anasanjika malatawo m'chipinda chawo chogona, n'kuyala mphasa pamwamba. Akatembenuka, mudzi wonse unkamva.

Ku Bisani madesiki ndi belu anabweza, koma udzu uja mbuzi zinali zitaudya mpaka pofika khosi. Mayi Nachanza anapita ku Tadyakale kukatenga kalata yolimbikitsa mtima, ulendo wa masiku awiri. Anabwerako mtima utafookeratu, chifukwa kalatayo inabwera ndi inzake: Mfumu yamva za sukulu yachitsanzo, ikubwera yokha kudzaiona, ndipo ikufuna kudula riboni pakhomo la kalasi n'kulowa m'kati.

"Tiwauzanso kuti ndi bafa," anatero a Zuze pamsika, koma nyundo yawo inali itasiya kulira.

"Mfumu imalowa paliponse," anayankha a Nabiyeni. "Dziko ndi lake, mabafa omwe."

"Akapeza kuti tinanamiza boma, wochotsedwa ntchito ndine," anatero Mayi Nachanza. "Ndinanena ine kuti tisasese."

"Munanena ndithu, aphunzitsi. Koma ngolo munakwera ndinu."

Mitambo inali itayamba kusonkhana chakum'mawa. Mayi Nachanza anakweranso ngolo ija.

"Ayi," anatero a Lufeyo asanapereke n'komwe moni. "Ngoloyo ndaiona. Ayi."

"Simunamve n'komwe."

"Udzu wanga uli kuti?"

"Udzu wanu unakubweretserani malata. Munabwera kudzathokoza? Umphawi umene munapambana nawowo unali wanga, inu munangoubwereka."

"Ndinaubwereka? Munandisiyira nokha pakhomo!"

"Tsiku limodzi lokha, asuweni. Mfumu ikangotembenuka, tikhomola. Inu malatawo mukungowafungatira ngati nkhuku, kodi aswa anapiye?" Kenako anatsitsa mawu, nthabwala itatha. "Akandichotsa, atsikana anga aja palibe wowagwira dzanja. Mukudziwa inu."

A Lufeyo anapumira m'mwamba. "Ndiye mukhoma ndi chiyani? Ndi mano?"

"Mulungu adziwa."

Anapakira malata, n'kupakiranso madesiki aja, amene tsopano njira anali ataizolowera.

Misomali inabwera yokha. Mverani, ku Mangalamba ndalama zimasowa pa china chilichonse, koma osati pa ulendo wa Mfumu. Kutatsala masiku atatu kunafika malole asanu ndi awiri: mbendera, makapeti, chimbudzi choyenda nacho, matabwa, ndi matumba a misomali zomangira nsanja ya akuluakulu. A Zuze anacheza bwino ndi akapentala a boma, a Nabiyeni anawakazingira nkhumba. Nsanja ija inatuluka yaifupi pang'ono, ndipo matabwa ndi misomali zotsala zinakwera pa zipupa za sukulu. Mpanda anagwetsa. A Kasuzumira, amene anabwera kudzaona zokonzekera, anafunsa za bafa lija. Anawauza kuti aphunzitsi anamaliza kusamba.

Tsiku lenilenilo, kapentala womaliza anali akadali padenga pamene malipenga anamveka pamsika. Anatsetsereka chakuseli n'kuthawa, kusiya msomali umodzi utaima pangodya ngati chala cha mwana wofuna kuyankha funso.

Mfumu inadula riboni, inalowa m'kalasi, ana anaimba, iyo n'kuseka mpaka kugwira nthiti. Potuluka inakweza maso.

"Kodi uwo mwasiyira ndani?"

Ine ndimanena nthawi zonse, pamaso pa akuluakulu tseka pakamwa. Koma a Zuze pakamwa pawo panatseguka pokha.

"Wa-wanu, Mwini Dziko. Tasungira inu."

Ha! Mfumu inakondwa ngati mwana wopatsidwa nzimbe. Kunabwera makwerero awiri. Nduna zinayi zinagwira makwerero a Mfumu, ndipo a Chimana anakwera enawo kukagwira msomali. Nyundo yoyamba inagwa pa lata. Yachiwiri inagwa pa chala cha a Chimana. Yachitatu inalowetsa msomali, nthungululu n'kumveka mpaka kutsidya.

A Chimana anatsika chala chili m'kamwa, n'kulengeza lamulo lakalekale la ufumuwo: chimene dzanja la Mfumu lakhoma sichizulidwa mpaka dziko lidzathe. Pomwepo anasiya msilikali woti azilondera msomaliwo, malipiro ake oposa a aphunzitsi atatu.

M'mawa mwake, Loweruka, a Lufeyo anafika ndi ngolo ndi nyundo yozulira misomali, akuimba kanyimbo. Msilikali anawaimitsa ndi ndodo.

"Bambo, mukufuna kuzula msomali wa Mfumu?"

"Ayi achimwene, umenewo ukhale, ndi lata lake lomwe. Ine ndingotenga enawo. Ndi anga."

Msilikaliyo anayang'ana denga nthawi yaitali, chifukwa anali munthu wosafuna kulakwira aliyense. "Lata la Mfumu lagona pa linzake," anatero. "Linzakelo lagona pa linzake. Onsewa tsopano ndi pachibale. Mukakhudza limodzi, mwakhudza banja lachifumu."

Mayi Nachanza anatuluka m'kalasi manja ali kumbuyo. "Asuweni, sindinadziwe kuti zikhala chonchi. Ndikulumbira pa manda a amalume."

"Elube," anatero a Lufeyo, ndipo aka kanali koyamba kuwatchula dzina chikulire, "ana anga mazana awiri ndikawauza chiyani?"

Anatembenuza ng'ombe, ngolo n'kubwerera yopanda kanthu. Kumbuyo kwa phiri kunagunda. Mayi Nachanza denga anali nalo, koma Lamlungu lonse chakudya sichinalowe, chifukwa chinthu chimene wapeza polira mnzako chimakhala ndi minga pomeza.

Lolemba mvula inagwa, yoyamba, ya madontho ngati nthudza. Ana a ku Bisani anamva phokoso lake pa malata n'kuyamba kukuwa ndi chimwemwe. Mawu a mphunzitsi sankamveka, koma palibe buku limene linanyowa. Atsikana a kalasi yomaliza analipo onse, osasowa ndi mmodzi yemwe.

Kenako wina analoza kumtsinje. Kunali kubwera mzere wautali wa ana, masamba a nthochi ali pamutu. Kutsogolo kwawo ngolo, pangolo tebulo, mpando, mphasa, ndi a Lufeyo atakhala pamwamba ndi ambulera.

Mayi Nachanza anathamangira pakhonde. "Kodi n'chiyani chimenechi?"

"Chikamwini," anayankha a Lufeyo akutsika. "Denga lakana kupita kwa mwini wake, ndiye mwini wake wabwera ku denga. Ndadzakhala kwa akazi anga, ndi ana anga onse. Sunthani."

"Mkamwini amafika ndi khasu, osati ndi ana mazana awiri!"

"Mkamwini amamanga nyumba. Ine yanga ndinamanga kale, iyo ili pamutu panuyo."

Mayi Nachanza anayesa kuumitsa nkhope, koma zinakanika. Anaseka mpaka kutsamira chipupa. "Lowani msanga, amuna anga aulesi inu, ana akunyowa! Koma ofesi ndi yanga."

"Tebulo ndi langa."

"Ndiye tikhala mbali ziwiri, ndipo musandiponde."

Ana anathithikana ngati machesi m'bokosi, desiki ya awiri kukhala asanu, aang'ono pa miyendo ya aakulu. Msilikali uja naye mvula itamukwana analowa, n'kukhala kumbuyo pafupi ndi zenera pamene akanatha kumauona msomali wake. Pofika masana anali atakweza dzanja kawiri.

Pamsika a Nabiyeni anaonjezera zitumbuwa pa bizinesi ya tomato, ponena kuti pakamwa mazana awiri si pocheza. A Zuze anayamba kuuza aliyense wobwera ndi chidebe chobooka kuti zonsezi anazikonza ndi iwo kuyambira pa tsache, ndipo anthu ankangovomera kuti chidebe chikhomedwe msanga.

Tsono apa ndi pamene ndikukugwadirani, inu odziwa kuwerenga. Nkhaniyi isafike ku Tadyakale. Musaikambe m'basi, musaikambe pa chigayo, ngakhale kwa mlamu wanu wogwira ntchito m'boma. A Chimana akangomva kuti sukulu ziwiri zakwana pansi pa denga limodzi, ana osanyowa, adzafunsa kuti nanga zinayi zingalephere bwanji.